Tsamba Likamva Ludzu

Basi ya ku Blantyre itaima pa Zalewa, Stelia anathamangira kumawindo ndi beseni la manachesi. Chinali chaka chija aliyense anayamba kuvala malaya a chipani chimene wafuna, ndipo anyamata nawo pakamwa panali patamasuka. Mmodzi anatsika, nagula nachesi limodzi, basi n'kumusiya akuyang'anabe wogulitsa.

"Ndine Herbert, ndimaphunzira za zomera kukoleji. Mitengo yake ili kuti, chiphadzuwa?"

"Kwathu ku Ligowe. Mukufuna manachesi kapena mitengo?"

"Mwini wake."

Pakamwa pake! Mwezi usanathe, Herbert anali m'munda umene malemu bambo a Stelia anamusiyira, akusisita zipsera za chikwanje pamtengo wina.

"Kuno mtengo ukakana kubala timautema khungwa," anatero Stelia.

"Ndipo mtengowo umamva, wapamtima wanga. M'zomera muli timapuloteni totchedwa makayinezi. Chomera chikavulala kapena chikamva ludzu, kamodzi kamadzutsa kanzake, kanzakeko n'kudzutsa kena, mpaka uthenga ufalikire. Mahomoni nawo amatuma tomweto. Kukauma, tsamba limatseka timabowo take kuti madzi asathawe."

Kenako anamugwira dzanja. "Mbande zako za manachesi usazithirire, ndikufuna masamba aludzu ndikawayeze. Ndikangomaliza maphunziro, ankhoswe anga afika pakhomo pano. Ndikulumbira, duwa langa!"

Stelia, amene sankalola ngakhale mbuzi kununkhiza mbandezo, anavomera. Kodi wokonda amafunsa kawiri? Mbande zinafota iye akuziona, mtima ukumuwawa, ndipo zambiri zinauma. Herbert anatenga masamba ake napita. Mvula inagwa, inatha, ankhoswe osaoneka.

Chilimwe chitafika, Herbert uja anatulukira ndi chikwama chake, akumwetulira.

"Ndinakusowa, dalingi! Ndikufuna masamba ena pang'ono."

Atatambasula dzanja kuti athyole, mphete inanyezimira pachala. Stelia anakumbukira kamzere kotuwa kamene anakaona pachala chomwecho tsiku lija pa Zalewa. Mphete sinali yatsopano ayi. Lero anangoiwala kuivula!

"Dzina lawo ndani amayiwo?"

"Loveness... koma mvetsera, Ste. Mtima wanga uli kwa iwe. Pirira pang'ono. Suja unati mtengo ukatemedwa ndi pamene umabala?"

Misozi inabwera, koma Stelia anaikaniza. Mkwiyo ndi umene anaulola. Ananyamula ndowa, nayamba kuthirira mbande zotsalazo imodziimodzi, madzi n'kumadonthera pansapato za Herbert.

"Tsono sundiyankha, wokondedwa?"

"Munandiphunzitsa ndinu, a Herbert. Tsamba likamva ludzu limatseka, eti? Chaka chathunthu mwandiumitsa. Uthenga wafika ponseponse."

"Stelia, chonde!"

"Chotsani dzanja pamtengo wa bambo anga. Ngakhale tsamba lakugwa lokha simutuluka nalo muno."