Maliro a Che Jaffalie Anakana pa Chowe

Chaka cha chilala chija, 1992, ndinkayendetsa galimoto ya bwana wina wogulitsa nsomba zouma pa boma la Mangochi. Anaigula kwa mzungu wina amene ankabwerera kwawo atatha ntchito yothandiza anthu othawa nkhondo. Inali ya ku Japan, yaitali kumbuyo, yopanda kabuleta, chipangizo chogawa petulo chimene amakaniko athu anazolowera. Amakaniko a pamsika akatsegula boneti ankangoimba mluzu n'kutsekanso. Ine ndinkayenda nayo monyada ngati ndinagula ndekha, chonsecho za m'mimba mwake sindinkazidziwa.

Madzulo ena anthu akutuluka mumzikiti, bwana anandiitana. Che Jaffalie, amene ankapikula nsomba kwa ife kukagulitsa ku Chiponde, anali atamwalira kuchipatala masana omwewo. Asilamu sachedwetsa maliro, choncho thupi linayenera kufika kumudzi usiku womwewo. Ndinapinda mipando yakumbuyo ndipo tinaligoneka pamphasa. Kutsogolo kunakhala mkulu wawo wa malemu, Che Amidu. Kumbuyo, pambali pa thupi, anadzipinda mayi wamasiye, a Mwanabibi.

Mayiwa anachokera ku Mozambique nkhondo itawotcha mudzi wawo. Mbali ino analibe mbale ngakhale mmodzi, n'chifukwa chake ankakhala kwawo kwa amuna awo. Che Amidu sanawafune chiyambire, ndipo sankabisa.

Tinaoloka mlatho wa Shire mdima utangogwa. Poyamba kukwera mapiri a Chowe galimoto inkakoka bwinobwino. Koma pakona loyamba, nditangochotsa phazi pamoto, injini inanjenjemera, kutsokomola, zii. Ndinaliza. Inadzuka movutikira, utsi wakuda uli tolotolo kumbuyo, fungo la petulo lili guu. Pakona lachiwiri inachitanso zomwezo. Pa lachitatu inakaniratu.

Tinatsala mumdima. Kumanja phiri, kumanzere chigwa. Ndinkangomva kupuma kwa anthu awiri, ndipo ndinkaopa kumva kwa wachitatu.

"Adalaivala," anatero Che Amidu, "galimotoyi imatere masiku onse?"

"Ayi, sinayambe yateropo."

Ndinanena zoona, koma zoonazo n'zimene zinapalamula. Kwathu kuno aliyense amadziwa kuti maliro amakana. Akakana ndiye kuti pali munthu amene wakufayo sakufuna kuyenda naye. Che Amidu anatembenuka pang'onopang'ono.

"Alamu, tsikani."

"Ndalakwanji, alamu? Ndawadwazika miyezi itatu ndekha."

"Ngati simunalakwe, galimoto ikanabe mutatsika. Tsikani tione."

Anatsika osalira, n'kuima pambali pa msewu atafunda chitenje kumutu. Ndinapempha Mulungu kuti injini isalire. Ndinaponda moto mpaka pansi, n'kupotoza kiyi. Inalira.

"Mwaona? Tiyeni!" anakuwa Che Amidu.

Apa ndisadzikometse. Ndinayenda. Ndinkadziwa bwino lomwe kuti nkhaniyi ikafika ku Chiponde, mayiwo atchedwa mfiti yodya mwamuna, ndipo awapirikitsira kutsidya kumene mfuti zinkalirabe. Ndinkadziwanso kuti ndasiya munthu wamkazi yekha m'phiri la afisi. Koma mantha alibe manyazi. Ndinayenda, mtima ukundiluma.

Sitinapite patali. Titapota makona awiri, ndinachepetsa moto pa chigwembe, ndipo injini inatsamwanso n'kufa. Mayi aja kunalibe, koma maliro anakanabe. Che Amidu anayamba kunong'ona mapemphero. Ndinazimitsa nyali kuti batire isathe.

Kenaka tinamva mapazi. Tswa, tswa, pamiyala ya mumsewu. Ankachokera kumbuyo, mosafulumira. Pagalasi ndinaona chinthu choyera chikukwera chitunda. Chinali chachitali, sichinali cha chitenje. Chinafika pambuyo pa galimoto n'kuima kanthawi pamene panali mutu wa malemu. Ndiye chinabwera pawindo langa.

Go, go, go.

"Tsegulani kutsogoloku," anatero mawu a mwamuna. Chichewa chake chinali cha kutsidya.

Che Amidu anapereka salamu. Munthuyo anayankha motsitsa. Ndinakoka chotsegulira boneti n'kutuluka ndi tochi yanga ya mabatire otha. Anali atavala mkanjo woyera, wopanda nsapato, wopanda chola.

"Unikani injini, osati ine," anatero.

Sanafufuze. Analowetsa dzanja pakati pa zitsulo zotentha zija ngati akutola chinthu m'thumba lake, n'kuloza kabokosi kakuda kangati ka machesi, komangidwa kukhoma la kumbuyo kwa injini.

"Mukukadziwa aka?"

"Ayi, bambo."

"Ndi sensa. Galimoto iyi petulo amagawidwa ndi kompyuta, koma kompyutayo siona. Imafunsa kabokosika kuti injini ikukoka mpweya bwanji. Nakonso kamamvera kudzera m'kapaipi aka ka labala, kochokera pamene mpweya umalowera. Mukachotsa phazi, khomo la mpweya limatsekeka, injini imayamwa mwamphamvu m'kapaipimu, ndipo sensa imati chepetsani petulo. Mukaponda moto, khomo limatseguka, kuyamwa kumachepa, sensa imati onjezani. Tsopano gwirani apa."

Ndinagwira. Chala changa chinapeza mng'alu kunsi kwa kapaipiko, pamene kamalowa m'chitsulo. Labala anali atauma gwa ndi kutentha.

"Mabampu a m'phiri muno atsegula bala limeneli. Sensa ikumva mpweya wakunja, ndiye ikuyesa kuti mwaponda moto nthawi zonse. Pachitunda bodzalo silioneka, chifukwa mwapondadi. Pakona mukachotsa phazi, petulo akumabwerabe wambiri, injini n'kutsamwa ngati mwana womwetsedwa phala mokakamiza."

"Nanga bwanji inalira titangotsitsa..." Che Amidu sanamalize.

"Munaima nthawi, petulo wosefukira anauma. Ikanalira ngakhale mukanatsika ndinu."

Anandipempha mpeni. Anadula mbali yong'ambikayo, kunyowetsa nsonga ndi malovu, n'kuikankhira m'malo mwake. Anachotsa ulusi pa mkanjo wake n'kumanga. Ndinaona kuti manja ake sanade, chonsecho anga anali bii chifukwa chongokhudza kamodzi.

"Mukafika mukagule kapaipi katsopano. Sensa ilibe mlandu, yanena zimene yamva." Kenaka anatembenukira kwa Che Amidu. "Musalize kaye. Mwasiya munthu kumbuyoku. Akakwere, ndiye mulize ali momwemo, kuti nonse muone."

Ndinatsika chitunda chothamanga, Che Amidu ali pambuyo panga wefuwefu. Tinawapeza a Mwanabibi akubwera pang'onopang'ono pakati pa msewu, akutsatira mapazi a matayala. Sindinayambe ndasangalalapo kuona munthu wamoyo ngati usiku umenewo. Ndinafuna kugwada.

"Mayi, bambo wa mkanjo woyera uja ndi amene munamuuza kuti takusiyani?" ndinafunsa.

"Bambo uti?"

"Amene anakudutsani akukwera kuno."

"Palibe wandidutsa. Ndayenda ndekha njira yonseyi."

Msewu unali umodzi, phiri uku, chigwa uku. Titafika pa galimoto tinapeza boneti itatsekedwa, mpeni wanga uli pamwamba pake. Ndinaunika kutsogolo, ndinaunika m'tchire. Panalibe munthu.

A Mwanabibi anatsegula chitseko chakumbuyo kuti akwere. Che Amidu anawagwira chitsekocho.

"Alamu, khalani kutsogolo. Ine ndikhala ndi mng'ono wanga."

Ndinapotoza kiyi. Injini inakoka kawiri, kulavula utsi wotsala, kenaka inakhazikika myaa. Pakona loyamba ndinachotsa phazi dala. Sinanjenjemere. Pa lachiwiri chimodzimodzi. Apo mayi aja anayamba kulira, koyamba chichokere kuchipatala, ndipo ine ndinalira nawo mobisa ndikuyang'ana msewu. Tinadutsa Namwera osaima, ndipo tinafika ku Chiponde anthu akutidikira ndi nyali.

Che Jaffalie anaikidwa mawa lake. Atafunsidwa chimene chinatichedwetsa, Che Amidu anayankha pamaso pa onse kuti kapaipi kanang'ambika, basi. Zinazo ndinaulula ndine, pakamwa panga sipasunga kanthu. Ena anati anali makaniko wa ku Lichinga, ku Mozambique, amene anaphedwa akuthawa nkhondo ndipo amayendabe m'mapiri amenewo. Ena anati anali malaika, mngelo wa Mulungu. Ena ankanong'ona dzina la malemu omwewo, koma ankayamba ayang'ana uku ndi uku ngati mayi wamasiye ali pafupi.

Ine sindidziwa. Nkhondo itatha magalimoto anabwera kudzatenga anthu obwerera kwawo, ndipo a Mwanabibi anamanga katundu. Che Amidu ndi amene anamasula mtolowo n'kuubwezera m'nyumba. Anati kwanu ndi kuno.