Nyundo ya Bornwell

Ba Kalumba anaphulitsa miyala mu mgodi mpaka makutu anagontha, ndipo mphotho yawo inali kanyumba ka zipinda ziwiri ku Kalingalinga. Komabe m'nyumbamo munali pemphero, ndipo mwana wawo Bornwell sanagonepo ndi njala. Ana a lero sasowa chakudya, amasowa makutu.

Bornwell anayamba kuyenda ndi Moven, wogula zitsulo zakutha. Anayamba ndi kutola misomali. Posakhalitsa anali kuzula mageti a anthu.

"Iwe, vamene ubweretsa mu saka ni va ndani?" anafunsa bambo ake.

"Ni votola chabe, ba tate."

"Votola vili na maloko?"

Tsiku lina Moven anamuuza za kontena yosungiramo zida ya anthu ophwanya miyala, imene mlonda wake ankaisiya masana kukadya. "Muli mawaya a kopa, boyi. Uyopa? Bwerera ku Sande sukulu."

Bornwell anapita, nabwerako akuthamanga, bokosi lili m'khwapa. Munali timachubu tonyezimira tonga ndudu, kalikonse ndi mawaya ake. Anabisa bokosilo pabwalo la Moven, koma kachubu kamodzi anapita nako kunyumba kukasewera nako m'manja.

Ba Kalumba atakaona anaimirira, nakatenga pang'onopang'ono ngati dzira.

"Aka ni kophulitsira miyala. Mankhwala ali mukati agona chabe, safuna machisa. Ukamenya, nkhonya ija ilowa, ifinya mankhwala pamalo pamodzi mpaka patentha. Pamenepo paphulika, pamenya pafupi pake, napo pamenya pena, msanga kupambana mawu. Ukamva kulira, ndiye kuti dzanja lapita kudala, kalekale. Tunzake tuli kuti? Tipereke ku polisi manje, tisachedwe."

"Kali kamodzi chabe," ananama Bornwell.

Moven atamva nkhaniyo anaseka mpaka kugwira m'mimba. "Mudala wako ayopa ndudu? Phwanya, tichotse kopa."

Ogula zitsulo ndi mmene amachitira: chilichonse amayamba achiphwanya ndi nyundo kuti chikwane mu saka. Bornwell anaika kachubu kena pa chidutswa cha njanji, bokosi lili pafupi ndi phazi lake. Moven anati akukagula madzi, nayenda mpaka kumsewu. Bornwell anakweza nyundo akumwetulira.

Kamodziko kanadzutsa bokosi lonse. Malata anauluka, owotcherera mageti chapafupi anataya zida nagwa chafufumimba, agalu anabalalika. Ba Kalumba, ogontha aja, anamva ali kunyumba, ndipo sanafunse munthu kuti n'chiyani.

Moven sanaonekenso. Bornwell anatsitsimuka m'chipatala alibe dzanja lamanja, alibe diso limodzi, mwendo uli m'nsalu.

"Ba tate, munaniuza," analira.

"Kamba mokweza," anatero bambo ake. "Sinimvera."

Lero nkhalamba imene inkayembekeza kusamalidwa ndiyo imamanga mabatani a malaya a mwana wake. Inu achinyamata, lekani kuba. Chimene simukuchidziwa musachikhudze, ndipo kholo likakuchenjezani, imvani makutu mukadali nawo.