Dzuwa Lilipo, Magetsi Kulibe

Kunyumba onse amamutcha Kafunsefunse. Mafunso satha pakamwa pake.

Lero akufuna kuwapatsa Ababa juwisi wozizira. Ababa amakonza mawaya a magetsi. Amabwera thukuta lili kamukamu.

Kafunsefunse waika juwisi mufiliji. Mwadzidzidzi filiji yati zii. Magetsi athima!

Wathamangira panja. Dzuwa likuswa mtengo. Mapanelo a sola ali padenga.

"Dzuwa lilipo. Mapanelo alipo. Nanga magetsi ali kuti?"

Pakhonde pali bokosi loyera. Dzina lake ndi inveta. Limalandira mphamvu ya dzuwa. Limaisandutsa magetsi a m'nyumba. Otsala limawatumiza kumawaya a mumsewu.

Kagetsi kake kamakhala kobiriwira. Lero kafiira.

"Iwe bokosi, wagona?"

Bokosi lili duu.

"Kapena watenthedwa?" Akulikupiza ndi katoni.

Bokosi lili duu.

"Kapena dzuwa sukuliona?" Akuliwalitsira dzuwa ndi galasi la Amayi.

Bokosi lili duu. Mutu wa Kafunsefunse waima.

"Amayi, bokosili ndi laulesi! Juwisi wa Ababa sazizira!"

Amayi akuseka. Amugwira dzanja mpaka pageti.

"Tayang'ana uko, mwanawe."

Uko! Ababa ali pamwamba pa mtengo wa magetsi. Agwira waya.

"Anzawo azimitsa magetsi a mumsewu," akutero Amayi. "Bokosi lathu ladziwa. Nalonso laima."

"Chifukwa chiyani? Si dzuwa lilipo?"

"Likatumiza magetsi, alowera kuti?"

Kafunsefunse akulondola waya ndi chala. Waya wachoka panyumba. Wadutsa pageti. Wafika pamtengo. Wafika m'manja mwa Ababa!

Mantha amugwira. Wathamangira pakhonde.

"Iwe bokosi, usadzuke! Gona! Gona ndithu!"

Wakhala pansi. Akulilondera.

Ababa atsika. Magetsi a mumsewu abwera. Bokosi likudikira pang'ono. Kenako kagetsi kabiriwira. Filiji yayamba kulira.

Ababa afika, thukuta lili kamukamu.

"Pepani, Ababa. Juwisi sanazizire."

Ababa amwa yense, gwa, gwa, gwa.

"Wakoma! Wina alipo?"

Kafunsefunse wawagwira manja. Akuwatembenuza uku ndi uku. Ali bwinobwino.

Kenako akusisita bokosi.

"Ababa, kodi bokosi limamva zikomo?"

"Kaya. Tiye tiyese."

"Zikomo, bokosi!" akutero onse awiri.