Mtima Wobwereka

Anakumana Lachiwiri m'mawa, pa kachipatala kena ku Santa Cruz. Nélida ndiye ankajambula kagundidwe ka mitima ya madalaivala a mabasi. Limbert anali womaliza pamzere.

"Vulani shati, mugone chagada," anatero Nélida.

"Tsiku loyamba lomweli, achemwali? Dzina simunandifunse n'komwe."

"Lili pafomu. Khalani chete. Mukamayankhula mizere imavina."

Anamumata mawaya asanu ndi limodzi pachifuwa, anayi m'manja ndi m'miyendo. Pepala linatuluka m'makina. Nélida analiyang'ana nthawi yaitali.

"Munakulira kuti?"

"Kumudzi, kufupi ndi Camiri."

"Nyumba yadothi?"

"Yadothi. Vinchuka tinkagona nazo ngati abale."

Tizilombo timeneto timabisala m'ming'alu ya khoma. Timayamwa magazi, n'kusiya matenda a Chagas. Matendawo amakhala duu zaka makumi awiri. Kenako amayamba kudya njira za magetsi mumtima.

Dokotala atatsimikiza, Nélida anamufotokozera Limbert mwaudalaivala.

"Magetsi a mtima amanyamuka pamwamba. Pakati amaima pang'ono, ngati pa rodibuloko. Kenako amatsika misewu iwiri. Wanu wakumanja watsekeka, ndiye akuzungulira wakumanzere. N'chifukwa chake nsonga izi zatambasuka, zili ndi mitu iwiri."

"Koma akufika?"

"Akufika. Mochedwa."

"Ndiye atengera basi yanga."

Nélida anaseka mosafuna. Dokotala anamulola Limbert kuyendetsabe, koma abwerenso pakatha miyezi isanu ndi umodzi. Anabweranso patatha masiku atatu, atanyamula timabanzi totentha ta cuñapé m'kapepala.

Kuchokera apo foni ya Nélida sinapumenso.

"Njiwa yanga, ndafika pa Abapó. Mtsinje wadzaza. Ndakusowa."

"Chaka chino chisanathe ndikaonekera kwa amayi ako."

"Aliyense ndingamunamize, koma osati iwe."

Miyezi inakwana. Mawaya anabwereranso pachifuwa. Ulendo uno Nélida sanaseke. Kugunda kulikonse kumayamba ndi kachitunda kakang'ono, kenako nsonga yaitali. Tizitunda tinalipo tonse. Koma apa ndi apo nsonga inkasowa. Magetsi ankanyamuka, osafika.

Dokotala sanazungulire. Chiwongolero ayi, mpaka amuike kabatire kothandiza mtima kugunda. Odikira kabatireko anali ambiri.

Panja, Limbert anamugwira dzanja. "Nely wanga, ine ndi mng'ono wanga Ruddy timafanana. Ummate mawaya iyeyo, ulembepo dzina langa."

"Ukadzakomoka pamtsetse uli ndi anthu makumi asanu?"

"Sindinakomokepo."

"Nanga chizungulire cha Lamlungu chija?"

"Inali njala."

"Utadya mbale ziwiri?"

Limbert anaseka, n'kumupsompsona pachipumi. "Wanena zoona, njiwa yanga. Ndidikira."

Patapita masabata atatu uthenga unalowa. "Mulungu ndi wamkulu! Kuchipatala china andipeza ndili bwinobwino. Mawa m'mawa ndinyamuka ulendo wa ku Camiri."

Nélida analawirira kudepoti. Anamupeza akupukuta galasi la basi, akuimba mluzu. Limbert anatulutsa pepala m'thumba monyadira.

Nsonga zoonda, zoongoka. Chitunda chilichonse ndi nsonga yake. Pamwamba, dzina la Limbert Cuéllar.

"Ruddy ali ndi mtima wokongola," anatero Nélida.

"Ukunena chiyani?"

"Msewu umene Chagas watseka sutsegukanso, Limbert. Mtima wako ndaujambula kawiri. Ndingauzindikire pakati pa mapepala chikwi."

Limbert anayang'ana pansi.

Kodi ankamuyesa wosadziwa ntchito yake? Kapena ankadziwa kuti azindikira, n'kudalira kuti chikondi chimutseka pakamwa? Chachiwiricho ndi chimene chinamulasa Nélida.

Anthu anali akukwera. Mayi wina ankakankha thumba la mpunga, khanda lili kumsana. Ana asukulu awiri ankalimbirana mpando wa pawindo.

"Kabweze makiyi wekha," anatero Nélida motsitsa mawu. "Apo ayi, ndikulowa mu ofesi ya mabwana ako, ndikaulule."

"Zaka khumi ndi ziwiri ndili pachiwongolero. Ndikachisiya ndine ndani?"

"Munthu wamoyo."

"Nely, tamvera. Ukangolowa pakhomo ilo, za ine ndi iwe zathera pompano."

Nélida anamuyang'ana. Anadikira kuti mwina aseka, mwina anena kuti njiwa yanga. Limbert anakwera basi, n'kuliza injini.

Ofesi inali masitepe makumi awiri okha. Nélida anagogoda, n'kulowa.

Basi ya ku Camiri inanyamuka mochedwa ndi ola lathunthu, ndi dalaivala wina. Anthu ankadandaula pamawindo. Panalibe amene ankadziwa chifukwa chake.

Limbert, amene anali ataitanidwa, anatuluka mu ofesi chikwama chili paphewa. Anamudutsa Nélida ngati mtengo wa magetsi. Sanacheuke.

Nélida sanamuitane. Misozi ikutsika, anangomuperekeza ndi maso. Anaona akudutsa ogulitsa malalanje, akuwoloka msewu, akukhota pakona. Ankayenda ndi miyendo yake.