Ulonda wa Bambo a Mapasa

Kopolo anamugogoda Telala ndi jombo nati, "Dzuka, mkulu. Dzenje lakumapeto ndi lako lero." Izi anandiuza mkazi wa Telalayo, amene ndi mwana wa mng'ono wanga, ndipo wophika wa pamsasa wa asilikaliwo anavomereza. Onse awiri sapeka nkhani.

Nkhondo isanayambe, Telala ankasoka zovala pakhonde la sitolo. Kumsasa ntchito inali imodzimodzi tsiku ndi tsiku: kupukuta mfuti, kudzaza mchenga m'matumba, kupha nsabwe, kusokera anzake mabatani. Kunyumba anasiya mkazi ali woyembekezera, ndipo mwana anabadwa iye osamuona. Galimoto ya opita kutchuthi inali kubwera m'mawa mwake mwa tsiku la ulondalo, iyenso anali woti akwere.

Ulonda wa asilikali uli ndi lamulo lake. Mlonda sachoka pamalo mpaka mnzake atabwera, kumugwira paphewa ndi kunena kuti, "Ndakulandira, pita." Wochoka asanamve mawu amenewa ndi wothawa nkhondo.

Dzenje lakumapetolo aliyense ankalizemba. M'menemo ndi mmene anafera Bambo a Mapasa, msilikali amene sankatopa kukamba za ana ake. Anawagulira tinsapato n'kutimangirira palamba, moti akamayenda tinkagundana, kho, kho. Bomba linawapeza ali paulonda. Anzawo ananyamula mtembo chothamanga, zipolopolo zikuwavumba, ndipo palibe anakumbukira kuwagwira paphewa.

Telala analowa m'dzenjemo dzuwa litalowa. Munali mothina, matumba mbali zonse, kutsogolo kabowo koonera. Kumbuyo, njira imodzi yokha. Achule ankalira kudambo. Kenaka analeka onse pamodzi.

Kunabwera fungo la sopo wosambitsira ana.

Kho, kho.

Sanacheuke. Panalibe malo oimapo anthu awiri, koma phewa lina linakhudza lake. Linali lozizira, lonyowa.

"Mwabwera kudzandilandira?" Mawuwo anali otsika, aulemu.

Telala kutuluka sakanatha, poti iyenso anali asanalandiridwe.

"Miyendo yatopa, achimwene. Tinsapatoti tiwachepera ana aja."

Pamenepo Telala anaganiza za mwana wake yemwe, amene sankadziwa ngakhale kulira kwake. Anakweza dzanja, osayang'ana, naligwira phewalo.

"Ndakulandirani, pitani."

"Zikomo."

Kho, kho. Kho, kho. Mpaka kutali. Achule anayambiranso.

Kutacha adani anagwera msasa. Amene anayenera kumulandira Telala sanafike. Kopolo anangomukoka pakolala n'kumuponya m'galimoto, iye akuti, "Bwana, sanandilandire." Kopolo anati, "Ukufuna mwambo kapena moyo?"

Kunyumba anafika, wamoyo, wopanda bala. Mwana anamunyamula, analira monga amalirira abambo onse. Masana amasoka bwinobwino mpaka lero, nthabwala zake zili pomwepo. Koma dzuwa likangolowa amaika lumo pansi, n'kukaima pakhomo, msana kwa mkazi ndi mwana, maso kunja. Sakhala pansi, sadya, sagona mpaka kuwale. M'mawa mkazi amasesa mchenga wonyowa pamene iye anaima, chonsecho pabwalo pawo palibe mchenga. Wophika uja anadutsako kumsasa wakalewo nkhondo itatha. Akuti m'dzenje lakumapeto anamva munthu akutsokomola, chitsokomolo cha Telala chenicheni.

Mkaziyo atamva za lamulo lija anati basi, nkhani yaing'ono. Madzulo ena anamuyandikira mwamuna wake n'kumugwira paphewa. Asanatsegule pakamwa, Telala anamugwira dzanja mwamphamvu.

"Usanene, mayi a mwana. Ukanena utsala ndiwe."

Tsopano mwanayo wayamba kuyankhula, ndipo chilichonse chimene wamva amabwereza. Amakondanso kukwera pampando kuti afikire phewa la bambo ake. N'chifukwa chake mayi ake amamutsekera kuchipinda dzuwa lisanalowe.

Zimene zili pakhomopo sindizidziwa, ndipo sindikufuna kuti munditanthauzire. Changa n'chimodzi. Inu mukamuimika munthu penapake kuti adikire, chonde muzibwerera kukamumasula nokha, ndi pakamwa panu, ngakhale mutamupeza atafa. Musachite ngati anyamata ananyamula mtembo aja.