Chingwe Chachitatu mu Mtolo

Mvula yowaza inali isanakate, ndipo usiku unali utapita ndithu, pamene tekinishani watsopano anatseka chipinda cha makina. Anali akadali pa nthawi yoyesedwa ntchito. Bwana wake anali atamuuza mosapita m'mbali kuti ofesi ya kutsidya kwa mtsinje ikapezeka yosalumikizika m'mawa, asadzapondenso pakhomopo.

Ntchito yake inali yomanganso zingwe zingapo kukhala mtolo umodzi pa rauta, makina olumikiza maofesiwo, njira imene amaitcha multilink frame relay. Chingwe chilichonse mu mtolomo chimakhala ndi dzina, ndipo chimapereka moni kutsidya pafupipafupi, kutsidyako n'kuyankha. Tekinishaniyo anapezamo zingwe zitatu. Chachitatu, chimene wina anachitcha Chipewa, chinalibe waya kumbuyo kwa rauta, ndipo kabowo kake kanali kodzaza fumbi. Monga anaphunzirira ku koleji, anachifufuta mu mtolomo. Ziwiri zotsalazo zitayaka bwinobwino, anauyamba wapansi kupita kwawo.

Pa mlatho magetsi anali ozima. Munthu wina anali atatsamira chitsulo cha m'mbali, atavala ovololo ndi chipewa chakutha. M'mikono ya ovololoyo munkatuluka madzi... osati a mvula ayi. A matope.

"Iwe wa mapepala a ku koleji," anatero munthuyo osadzutsa mutu. "Wandichotsa mu mtolo. Unandiikamo ndiwe?"

"Pepani bambo, ine sindikudziwani..."

"Zaka zonsezi ndikapereka moni amandiyankha. Lero ndapereka, kuli zii. Ukufuna ndizidzapereka kwanu? Pawindo pako?"

Munthuyo anadzutsa mutu. Pansi pa chipewacho... matope okhaokha!

Foni inalira m'thumba mwa tekinishaniyo. Unali uthenga wochokera ku makina: mtolo wonse wagwa. Atakweza maso, munthu uja panalibe. Panangotsala waya woduka, akulendewera kumadzi.

Analiyatsa liwiro. Osati kwawo. Kuofesi! Atafika, anabwezeramo chingwe chachitatu ndi dzina lake lomwe lija. Choyamba chinayaka. Chachiwiri chinayaka. Kenako pa kabowo kopanda waya kaja... moni! Kutsidya kunayankha.

M'mawa bwana anamupeza atakhala pansi, nsapato zili matope. Bwanayo anayang'ana pa sikirini kwa nthawi yaitali.

"Unachigwira eti? Inu ophunzira inu, kufunsa mumakuyesa matenda," anatero bwanayo. "Chipewa anali mmisiri wathu wa zingwe. Anakokoloka ndi madzi akulumikiza chingwe chimenecho pansi pa mlatho, iwe usanamalize ndi pulayimale yomwe. Thupi silinapezeke. Waya sitinabwezeretse."

"Nanga moniyu akuchokera kuti, bwana?"

Bwanayo anayang'ana kabowo kafumbi kaja. Anatulutsa makiyi ake a chipindacho, nawaponya pamiyendo pa tekinishaniyo, n'kunena kuti, "Chipindachi ndi chako tsopano." Anatuluka osatseka chitseko.