Desiki ya Rhoda

Ine si munthu wa ndewu, funsani aliyense pa Boma pano. Koma dzino lakutsogolo mukuliona lobenthukali sindinagwe nalo panjinga ngati mmene ndimauzira anthu.

Chaka chimenecho ndinkayang'anira kanthambi ka yunivesite ina kuno ku Mchinji, ka anthu ophunzira akuchokera kunyumba. Tinkachita lendi zipinda zitatu chakuseri kwa msika. Ophunzira athu anali akuluakulu: aphunzitsi a pulayimale, makalaliki, ena a geni. Semesita ikatha, wolephera phunziro ankapatsidwa mwayi umodzi wolembanso, umene iwo amati sapu. Ukalephera sapu, kapena osabwera, sukulu yathera pomwepo.

Akuluakulu a yunivesite ku Lilongwe anali atatopa ndi kuchotsa anthu. Analamula kuti a sapu onse azithandizidwa mwapadera, ndipo nthambi iliyonse itumize lipoti. Ine ndinali nawo khumi ndi awiri. Ndinalumbira kuti akhoza onse, Lilongwe imve kuti ku Mchinji kuli amuna. Masabata atatu ndinawaphunzitsa madzulo aliwonse mpaka mawu kusasa.

Mmodzi mwa iwo anali Rhoda, mayi wa ana awiri amene ankaoda zitenje ku Chipata n'kumagulitsa mumsika. Zaka zinayi akulimbana ndi digiri, ndipo chinatsala ndi phunziro limodzi lokha la masamu, limene linamuima pakhosi ngati munga wa nsomba. Sankajomba. Ankafika thukuta lili kamukamu, chikwama cha zitenje kumutu, kope m'manja.

Lolemba la sabata yomaliza ndinawaopseza.

"Lachisanu ndi Lachisanu. Kuno kulibe maliro, kulibe mutu, kulibe zoti minibasi inafera panjira. Wosabwera wadzichotsa yekha."

Rhoda anakweza mkono. Maso ake anali ofiira, koma ine ndinati ndi kuwerenga.

"Nanga munthu atadwala zenizeni, aphunzitsi?"

"Mubwere ndi bedi lomwe, mayi. Tikupezerani malo."

Kalasi yonse inaseka. Nanenso ndinaseka, poti ndinkadziona ngati katswiri wa nthabwala.

Lachitatu ndi Lachinayi Rhoda sanaoneke, ine ndinati akuwerengera kunyumba. Lachisanu masana analemba anthu khumi ndi mmodzi. Desiki ya Rhoda, pakona chakuzenera, inakhala yokha ndi nambala yake yomata. Foni yake sinkapezeka. Ndinapsa mtima, sindinama. Munthu mmodzi kundionongera lipoti! Mayeso atatha ndinamata mapepala a anzake mu envulopu n'kutsekera mukabati ya m'chipinda momwemo, kudikira galimoto ya ku Lilongwe m'mawa mwake. Koma pepala la mafunso la Rhoda ndi kabuku kake koyankhiramo ndinazisiya dala padesiki, kuti ndidzajambule ndimutumizire, achite manyazi. Chitseko ndinakhoma ndekha ndi loko, kiyi m'thumba.

Miyezi iwiri m'mbuyomo akuba anali atatithyolera. Anatenga makompyuta, mlonda wathu a Wilson n'kuwamanga ndi waya mpaka m'mawa. Chichokereni tsikulo bambo aja sankasiyana ndi chibonga, ndipo ankati wina akadzabweranso adzatuluka ali mtembo.

Cha m'ma seveni magetsi anazima ndili mu ofesi kulemba lipoti lija. Ndinayatsa tochi ya pafoni n'kupitiriza. Posakhalitsa a Wilson anasuzumira pakhomo.

"Bwana, mwasiya munthu m'chipinda cha mayeso?"

"Munthu wanji? Kiyi ndi uyu."

"Ndiye tabwerani mudzamve."

Tinaima pakhonde. Poyamba ndinangomva nyimbo za kumabala chapatali. Kenaka ndinamva. Kwe, kwe, kwe. Cholembera chikuyenda papepala, mofulumira, ngati cha munthu amene wauzidwa kuti kwatsala mphindi zisanu. Tsamba linatembenuzidwa. Kwe, kwe, kwe.

Loko anali chikhomere. Mazenera onse ali ndi zitsulo.

Ndinaunika pagalasi. Pakona paja panakhala munthu, atafunda bulangete lotuwa kuyambira kumutu. Anawerama, dzanja lokha lili kunja, akulemba mumdima wa ndiweyani.

Mukuganiza kuti ndinaganiza za mizimu? Ayi. Ndinaganiza za ntchito yanga. Munthu m'chipinda cha mapepala usiku, ndiye kuti mayeso onse afafanizidwa, anthu khumi ndi mmodzi alembera pachabe, ine n'kuchotsedwa. Mantha anasanduka ukali. Ndinatsegula loko.

"Iwe! Imirira!" anakuwa a Wilson.

Sanatembenuke n'komwe. M'chipindamo munkanunkha mankhwala ochapira mabala.

Ndinapita n'kugwira kabukuko kuti ndikalande. Dzanja lake lamanzere linatuluka m'bulangete n'kundigwira pamkono. Linali lotentha ngati nsimbi. Sindikudziwa kuti anandinyamula bwanji, ndinangozindikira ndikuuluka. Ndinakagwera pamadesiki, kamwa n'kumenya pachitsulo cha mpando. Ndinalavula magazi ndi chidutswa cha dzino.

Kwe, kwe, kwe.

A Wilson anakweza chibonga n'kumutsitsira pamsana. Phi! Munthu wamba akanagwa. Uyu anangogwedezeka, osalira, osati ngakhale mayo. Anabwereza kachiwiri, kachitatu. Cholembera sichinaime. Ndinaona bambo aja akubwerera chammbuyo, milomo ikutchula Yesu ndi Maria, chibonga n'kugwa pansi.

Ndinachitola ndine.

Apa ndiye pamene ndimalakalaka nkhaniyi ikanakhala ya munthu wina. Sindinamenye msana. Ndinayang'ana dzanja limene linkalembalo, ndinalunjika bwinobwino, ndipo ndinalimenya padesiki pomwepo. Zala zinalira ngati ukuthyola chinangwa chouma. Ndinabwerezanso. Magazi anathovokera pamalaya anga.

Cholembera chinagwera padesiki. Kenaka dzanja lamanzere linafufuza padesiki, n'kutola cholembera, n'kuyamba kulemba mokhotakhota ngati mwana wa Sitandade 1.

Ndinalimenyanso limenelo.

Pamenepo m'bulangete munatuluka mpweya wautali, wa munthu wotopa. Foni yanga, imene inagwera pansi ikuunikira kudenga, inazima yokha. Tinakhala mumdima, ine ndi a Wilson, tikumvana kupuma. Pamene a Wilson anayatsa machesi, pampando panalibe munthu. Bulangete panalibe. Panali magazi padesiki ndi kabuku kaja, ndipo pansi panali kasingano ka diripi, pulasitala yake ikadali yomata.

Ndinatsegula kabukuko. Pachikuto panali nambala ya Rhoda. Zilembo zake ndinkazidziwa, masabata atatu ndikuzichonga. Mafunso atatu anali atayankhidwa, ndipo ndikuuzeni monga mphunzitsi, anali atakhoza onse. Funso lachinayi linathera pamzere wachiwiri.

A Wilson anatenga njinga yawo osatsanzika. Sanabwererenso pantchito.

M'mawa kusanatenthe foni inalira. Anali mayi wina dzina lake Esitele, mkulu wake wa Rhoda. Anati m'bale wawo anagonekedwa m'chipatala Lachitatu ndi malungo aakulu, ndipo chifikireni sanatsegule maso mpaka mbandakucha wa tsikulo. Nambala yanga anaitchula Rhoda yekha atangotsitsimuka.

Pali chimene sindinakuuzeni. Yunivesite ili ndi fomu ya wodwala. Wophunzira akasayina, dokotala n'kudinda, amadzalemba semesita yotsatira popanda kutaya kanthu. Mafomu amenewo ndinali nawo makumi awiri m'dirowa yanga. Sindinauze aliyense wa sapu, poopa kuti achita ulesi n'kundichepetsera chiwerengero cha okhoza. Ndinatenga imodzi, ndinasintha malaya, n'kuuyatsa wa kuchipatala.

Pakhomo la wodi ya amayi, odikirira odwala anali m'timagulu, akunong'onezana. Wina amati ndi mfiti za mumsika, zansanje ndi geni ya zitenje. Wina amati ndi mankhwala a tsidya lina la malire. A Esitele anandikokera pambali.

"Aphunzitsi, ine ndinali pomwepo, sindinachoke. Magetsi atangozima, dzanja lake linayamba kuyenda pabulangete ngati akulemba. Tinati mwina akutsitsimuka. Kenaka thupi linadumpha pabedi katatu, diripi n'kuzuka. Anesi akubwera ndi nyali, tonse tikuona, zala zinayamba kuthyoka zokha. Kumanja, kenaka kumanzere. Palibe anamukhudza, Mulungu ndi mboni."

Rhoda anagona chammbali chifukwa cha msana. Manja onse awiri anali m'mabandeji mpaka m'zigongono. Dokotala anali atanena kuti lamanjalo mwina silidzagwiranso kanthu.

Ndinaima kumiyendo kwa bedi, fomu ili m'manja. Ndinayamba kufotokoza kuti asadandaule, sukulu sinathe, pali njira, angofunika kusayina pofika Lolemba. Mawu ankatuluka mopepera chifukwa cha mlomo wotupa. Iye anayang'ana fomuyo nthawi yaitali, kenaka anayang'ana ine. Sanakwiye. Bola akanakwiya.

"Ndinabwera, aphunzitsi," anatero motsitsa. "Munandiona."

Amayi a pamabedi ena anayamba kudzuka.

"Linatsala funso limodzi lokha. Mukanangondisiya mphindi khumi."

"Akubwebweta," ndinatero, ndikuyang'ana pansi. "Ndi malungo amenewa."

Amayi aja anali atakhala tsonga pamabedi awo. A Esitele anayenda pang'onopang'ono mpaka kuima pakati pa ine ndi khomo. Anandiyang'ana kumaso, anatsitsa maso mpaka kunsapato zanga, zimene ndinaiwala kupukuta, n'kubwereranso kumaso.

"Aphunzitsi," anatero, "pakamwapo mwatani?"